Nyumba zikumera m'minda: mafunso ndi mayankho pa za kukula kwa Lilongwe ndi midzi yozungulira

Mukatuluka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji, ku Dedza, ku Kasungu kapena ku Bunda, n'kovuta kudziwa pamene tauni yathera ndi pamene mudzi wayambira. Pamene kale panali minda ya chimanga ndi fodya lero pali mipanda ya njerwa, maziko oyembekezera simenti ndi malata onyezimira. Anthu akufuna pogona, ndipo sakulakwa kumanga. Chodetsa nkhawa n'chakuti nyumbazi zikufika msewu, madzi, sukulu ndi chipatala zisanapatsidwe malo. Nawa ena mwa mafunso amene amabuka nkhaniyi ikayambika.

Kodi Lilongwe akukuladi mofulumira chotani?

Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000 m'tauni ya Lilongwe. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, chiwerengero chinayamba kukwera: pafupifupi 99,000 mu 1977, oposa 440,000 mu 1998, oposa 670,000 mu 2008, kenako 989,318 mu 2018. Ndiye kuti pa zaka khumi zokha mzindawu unalandira anthu atsopano oposa 300,000, kuchuluka kuposa anthu onse a mumzinda wa Mzuzu, omwe mu 2018 analipo 221,272. Ena ndi obwera kuchokera kumidzi, koma ambiri ndi ana obadwira momwemo amene akula ndipo akufuna khomo lawolawo.

Manambalawa amangowerenga anthu okhala mkati mwa malire a khonsolo ya mzinda. Munthu wogona ku Mpingu, ku Nathenje kapena ku Mitundu, amene amalawirira minibasi tsiku ndi tsiku kupita kuntchito ku Kanengo kapena ku Old Town, amawerengedwa m'boma la Lilongwe, osati mumzinda. Moyo wake wonse ndi wam'tauni, koma pa mapepala ndi wakumudzi. Vuto lalikulu lagona pamenepa, chifukwa kumene kukumangidwa nyumba zambiri lero ndi kumene maso a khonsolo ya mzinda safika.

Mukati mapulani a malo, mukutanthauza pulani ya nyumba imene timapatsa mmisiri?

Ayi. Pulani ya nyumba imanena za zipinda, mawindo ndi denga. Pulani ya malo imanena za dera lonse: msewu udzadutsa pati ndipo udzakhala waukulu bwanji, mapaipi ndi mawaya adzayenda pati, madzi a mvula adzatsikira kuti, sukulu, msika, bwalo la mpira ndi manda zidzakhala pati, ndiponso malo ati asamangidwe konse, monga dambo, m'mbali mwa mtsinje ndi minda yachonde.

Pulani yotere singathere pa malire a khonsolo imodzi. Madzi amene anthu a ku Area 18 amamwa amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, n'kusungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Njerwa, mchenga, makala ndi ndiwo zamasamba zimachokera m'midzi yozungulira. Zinyalala ndi zonyansa za mumzinda zimatsikira kwa anthu a kumunsi kwa mtsinje wa Lilongwe. Choncho khonsolo ya mzinda, khonsolo ya boma la Lilongwe, ya Dowa ndi mafumu a madera amenewa akusamalira thupi limodzi, ngakhale aliyense ali ndi ofesi yake ndi bajeti yake.

Koma Lilongwe si mzinda umene unamangidwa motsata pulani?

Zoona, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, ndipo ndalama zoyambira zinali ngongole yochokera ku South Africa. Mzinda unagawidwa m'madera a manambala, omwe lero amafika pa Area 58, ndipo pakati pa madera panasiyidwa mitengo ndi malo opanda nyumba. Pulani ya 1986 inafuna kuti mzinda ukhale ndi mitima inayi: Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, kuti munthu azigwira ntchito pafupi ndi kumene akugona.

Kwa anthu opeza pang'ono panali njira imene ine ndimaiona kuti inali yanzeru kuposa zambiri zimene zabwera pambuyo pake. Boma silinkawamangira nyumba. Linkadula mapuloti, kulambula misewu, kufikitsa madzi pafupi, kenako munthu n'kumanga yekha monga mwa mphamvu zake, ngakhale ndi zidina. Madera ngati Area 23 ndi Area 25 anayamba motero. Pitani lero mukaone: nyumba zambiri za zidina zinagumulidwa n'kumangidwanso ndi njerwa, eni ake anasintha, koma misewu ili pomwe inaikidwa, ndipo galimoto imafika pakhomo.

Njirayi inafooka pamene mapuloti otere anasiya kutuluka mokwanira. Bungwe lomanga likulu lija linathetsedwa mu 1984, ndipo udindo pa malo unagawikana pakati pa unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation, khonsolo ndi makampani. Anthu sanaleke kubwera. Atasowa puloti kwa adindo anapita kwa mafumu, ndipo Mtandire, Mgona, Kauma ndi Chinsapo anadzaza. Lipoti la UN-Habitat la 2011 linati pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe amakhala m'madera amene sanatsate pulani. Mu 2010 a JICA a ku Japan anathandiza kulemba pulani ina yofika mu 2030. Mapulani ndiye alipo. Chimene chakhala chikusowa ndi mapuloti enieni, otsika mtengo, otuluka chaka ndi chaka anthu asanafike.

Nanga cholakwika n'chiyani munthu akagula malo kumudzi n'kumanga?

Kwa iye yekha palibe. Tiyeni tione mmene malonda otere amayendera. Dobadoba amatengera wogula kumunda. Mwini munda amayeza ndi mapazi kapena chingwe, n'kuzika timiyala kapena kubzala nkhadze m'makona. Amalemberana papepala la m'kope, mboni zimasaina, amfumu amadinda chidindo n'kulandira kangachepe kawo. Aliyense amachoka wokondwa.

Mwezi wotsatira mwini munda amadulanso puloti ina mogundiza yoyamba ija, chifukwa dothi lililonse limene angasiyire msewu ndi ndalama yotayika. Wa munda woyandikana naye amachitanso chimodzimodzi, koma moyang'ana mbali ina. Pakatha zaka zisanu pali nyumba mazana, ndipo njira yokhayo ndi kamkwaso kamene anthu ankadutsa popita kudimba. Mpanda wina walowa m'kanjirako, wina wakatseka. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere usiku, ambulansi imaima kumsewu waukulu ndipo amamunyamula pa kabaza. Pakagwa maliro, bokosi limayenda pamapewa mpaka pamene galimoto yathera. Galimoto yopopa zimbudzi siifika, yozimitsa moto siifika. A Lilongwe Water Board akafuna kuika paipi amapeza kuti palibe mzere wowongoka umene sudutsa pansi pa khonde la munthu. Ndipo pamene makolo azindikira kuti ana akufunika sukulu, malo onse anatha kalekale.

Palibe amene anachita zoipa mwadala. Aliyense anaganizira puloti yake, ndipo panalibe woganizira za pakati pa mapuloti. M'mera mpoyamba: msewu umene ukanangofuna zikhomo ndi chingwe pamene malowo anali munda, lero ukufuna kugumula nyumba ndi kulipira chipepeso.

Malamulo akuti chiyani?

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo angapo atsopano okhudza malo, ndipo ena anakonzedwanso mu 2022. Awiri ndiwo akhudza kwambiri nkhaniyi. Physical Planning Act linalowa m'malo mwa lamulo la 1988 limene mphamvu zake zinkagwira makamaka m'matauni ndi madera osankhidwa. Tsopano dziko lonse, midzi yomwe, ndi dera loyenera kukhala ndi mapulani, ndipo boma lililonse liyenera kukhala ndi pulani ya malo ake.

Customary Land Act linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo a makolo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupuyo, ndipo pamakhala anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Lamuloli limalolanso munthu kapena banja kulembetsa malo ake n'kukhala ndi chikalata. Malire asanalembetsedwe pamafunika kugwirizana kaye za kagwiritsidwe ntchito ka malo a dera lonselo, ndipo mpata wosiya misewu ndi malo a anthu onse uli pomwepo. Ntchitoyi yayamba m'madera ena, koma ikuyenda pang'onopang'ono, pamene malonda a mapuloti m'mphepete mwa mzinda akuthamanga.

Anthu ena amati mapulani ndi njira yolanda malo a makolo. Kodi akunama?

Mantha awo ali ndi pochokera. Pomanga likulu midzi inasamutsidwa, ndipo mbiri ya kulandidwa kwa malo n'kusanduka maesiteti idakali m'mitima ya anthu a chigawo chapakati. Munthu akaona saveya ali ndi zida zake m'munda, choyamba kuganiza ndi chakuti malo apita.

Pulani yolembedwera mu ofesi, anthu n'kungoiona tsiku limene mabikoni akuzikidwa, ingathedi kukhala chida cholanda malo. Koma kusowa kwa pulani nakonso kukulanda malo, mwakachetechete. Manda akuzingidwa ndi mipanda. Dambo limene mudzi wonse unkadyetsako ziweto ndi kulima madimba likugulitsidwa ndi munthu mmodzi. Pulani imene mudzi wakhalira pansi n'kugwirizana ndiyo ingathe kunena kuti dambo ili siligulitsidwa, manda awa asiyiridwe malo okulira, ndipo mawuwo n'kukhala ndi mphamvu ya lamulo. Mafumu asaonedwe ngati chopinga pa ntchitoyi. Ndiwo akudziwa malire a banja lililonse, ndipo chidindo chawo ndicho chikuyendetsa msika wa malo. Gulupu amene wanena kuti sadinda pepala la puloti yopanda msewu wachita ntchito imene ofesi yakutali singaithe.

Kodi wogulitsa munda amapindula?

Pa tsikulo, inde. Amagula malata, njinga yamoto, kapena kulipira fizi. Koma munda umadyetsa chaka ndi chaka, pamene ndalama ya puloti imabwera kamodzi. Mabanja ambiri m'mphepete mwa mzinda agulitsa ndime ndi ndime mpaka atsala ndi pakhomo pokha, ndipo ana awo akuumba njerwa kapena kulondera nyumba zomangidwa pa munda wa agogo awo.

Pali china chimene sichikambidwa mokwanira. Kwa Achewa ambiri malo ndi a mbumba, amayenda kudzera kwa amayi. Koma pa malonda amene amaonekera kawirikawiri ndi mwinimbumba kapena malume, ndipo alongo amene amalima mundawo amamva nkhani ndalama zitalandiridwa kale. Milandu ya puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri, kapena yogulitsidwa abale osadziwa, yadzaza mabwalo a mafumu ndi makhoti. N'chifukwa chake mipando ya amayi m'makomiti aja ndi yofunika kuiteteza, ndipo azikhalapo amayi olankhula.

Banja limene ladula malo ake mwadongosolo, n'kusiya msewu wabwino, limataya gawo la dothi koma mapuloti otsalawo amakwera mtengo, chifukwa wogula aliyense amafuna pofika galimoto. Mabanja angapo oyandikana akaphatikiza minda yawo n'kuidula pamodzi, misewu imalumikizana ndipo onse amapindula.

Za madzi ndi zimbudzi zikulowa bwanji m'nkhani ya nyumba?

Ndi pamene kusowa kwa pulani kumapha anthu. Gawo laling'ono kwambiri la mzinda ndilo lili pa mapaipi a suweji. Ena onse amadalira zimbudzi zokumba kapena matanki apansi. Kumudzi, kumene nyumba zili patalipatali, chimbudzi chokumba sichivuta. Koma pa puloti yaing'ono pamene landilodi wamanga mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi, chimbudzi chimakhala masitepe ochepa kuchokera pa chitsime cha nyumba yoyandikana. Mvula ikagwa madzi apansi amakwera ndipo ziwirizi zimasakanikirana. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inavuta kwambiri m'madera othithikana a Lilongwe ndi Blantyre.

Madzi osefukira nawonso amatsata mapulani athu. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Likadzaza malata ndi simenti, madzi onse amathamangira mumtsinje nthawi imodzi. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho madzi anaononganso ku Kawale ndi ku Kaliyeka. Ku Blantyre, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo anthu ambiri anafera momwemo. Amene amamanga m'malo otere amadziwa kuopsa kwake. Amapitako chifukwa ndi kokhako kumene thumba lawo likufika, ndipo kuwauza kuti achoke popanda kuwaonetsa puloti ina pafupi ndi ntchito zawo n'kungotaya mawu.

Onjezanipo njerwa. Nyumba iliyonse ya njerwa zootcha yadya mitengo, ndipo maenje oumbira amatsala ali madzi ndi udzudzu. Kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, koma munthu womanga nyumba yake amasankha chimene angakwanitse, ndipo mabuloko a simenti akadali okwera mtengo kwa ambiri.

Bwanji osatukula matauni ena kuti anthu asamangothamangira ku Lilongwe?

Maganizo amenewa ali m'masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021 ndipo amatchula kukula kwa matauni ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Boma linasankha malo asanu ndi atatu oti akhale mizinda yachiwiri: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Kale kunalinso ntchito yotukula malo a malonda a kumidzi, monga Nambuma ku Dowa ndi Malomo ku Ntchisi, powamangira msika, misewu ndi zina.

Ndi maganizo abwino, koma munthu amatsata ntchito, osati chikwangwani. Tauni imakoka anthu ikakhala ndi magetsi odalirika, fakitale yogula zokolola, msewu ndi chipatala. Ndipo ngakhale mizinda isanu ndi itatuyi itakula, Lilongwe sadzaleka kukula.

Amene ndikuona kuti aiwalika ndi matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa misewu ikuluikulu: Mponela, Lumbadzi, Nathenje, Namitete, Msundwe, Mitundu. Onsewa akukula ngati chingwe motsata tala, sitolo kutsogolo, nyumba kumbuyo, popanda msewu wachiwiri. Lamulo limasunga mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu waukulu ngati M1, koma tsiku la msika malonda amafika pa tala penipeni, ndipo ana a sukulu amadutsana ndi mathiraki. Matauni amenewa akadali ndi minda kuseri kwake. Kuwadulira misewu iwiri kapena itatu yakumbuyo, malo a msika ndi depoti n'kotheka lero pa mtengo wochepa. Pakatha zaka khumi sikudzathekanso.

Makhonsolo amati alibe ndalama. Zonsezi alipira ndani?

Ndalama ndi zochepadi, ndipo akatswiri a mapulani ndi masaveya m'makhonsolo a maboma ndi owerengeka. Koma ntchitoyi ili ndi magawo awiri osiyana mtengo. Kuthira tala, kuika mapaipi ndi kumanga sukulu n'kodula, ndipo kungathe kudikira. Kuyeza ndi kusunga malo a zinthu zimenezi n'kotsika mtengo, ndipo sikungadikire. Msewu wafumbi wa mamita 12 kapena 15, wozikidwa mabikoni ndi kubzalidwa mitengo m'mbali kuti aliyense aziuona, ungakhale zaka zambiri osathiridwa tala koma malo ake alipo.

Palinso funso la chilungamo. Boma likamanga msewu, monga wolambalala mzinda chakumadzulo, malo a m'mbali mwake amakwera mtengo kangapo eni ake osachitapo kanthu. N'koyenera kuti gawo la phindu limenelo libwerere ku khonsolo kudzera mu msonkho wa malo. Ndipo kampani imene yagula maekala ambiri n'kumagulitsa mapuloti isapatsidwe chilolezo isanaonetse misewu, ngalande ndi malo a sukulu, pansi osati papepala pokha.

Nanga madera amene anadzaza kale, agumulidwe?

Ayi. Anthu zikwizikwi sangachotsedwe, ndipo kulibe kowapititsa. Chotheka ndi kukonza pomwepo: kugwirizana ndi eni nyumba kuti mipanda ibwerere m'mbuyo pang'ono, kutsegula msewu umodzi kapena iwiri yolowa galimoto, kukumba ngalande ndi kuonjezera malo otungira madzi. Magulu a anthu osowa nyumba osunga ndalama pamodzi, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, aonetsa kuti anthu a m'madera otere amatha kuwerenga nyumba zawo, kujambula mapu a dera lawo ndi kukambirana ndi khonsolo. Oyenera kusamutsidwa ndi okhawo amene ali m'njira ya madzi kapena pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, ndipo apatsidwe malo ena asanachoke.

Ine ndikufuna kugula puloti kunja kwa mzinda. Ndiyang'ane chiyani?

Pitaniko nthawi ya mvula, mu Januwale kapena Febuluwale, muone kumene madzi amaima ndi kumene amadutsa. Funsani kuti msewu wofika pa pulotiyo ndi uti, muuyeze nokha, ndipo ulembedwe m'pepala la mgwirizano pamodzi ndi malire. Musakhutire ndi mawu a dobadoba kapena a munthu mmodzi wa m'banjamo: kumanani ndi abale ake, makamaka amayi amene akulima malowo, ndiponso eni minda yoyandikana. Kafunseni ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya boma ngati deralo lili ndi pulani, ngati malowo sali m'gawo la msewu, la njanji kapena la mawaya a ESCOM, ndiponso ngati palibe wina amene ali ndi liizi pamalopo. Kumene komiti ya malo inakhazikitsidwa, dzerani kumeneko. Pomanga, ikani chimbudzi kutali ndi chitsime chanu ndi cha anzanu, ndipo mpanda wanu uime pa malire, osalowa mumsewu ngakhale phazi limodzi. Ngati ogula muli angapo pamalo amodzi, pitani limodzi kwa gulupu nyumba zisanachuluke, mukapemphe kuti malo a sukulu ya mkaka, mjigo ndi msewu wolumikiza ku tala asungidwe ndipo alembedwe.